Chingwe cha a Dulcie Kile

"Boti ili," a Athol Purdie ankauza alendo aja, "lakoka mitengo, lakoka maapozi a chigwa chonsechi, lakoka ngakhale zombo zoliposa kutalitali. Koma ilo silinakokedwepo. Ngakhale tsiku limodzi."

Ine ndinali pansi pa botilo, chagada, ndikupala penti, ndipo ndinangoguguza kukhosi. Ndayendetsa basi ya ana asukulu zaka zambiri, choncho ndikudziwa kuti chilichonse chokhala ndi injini chinachitapo manyazi tsiku lina. Koma munthu amene zinyenyeswa za penti zikumugwera m'kamwa alibe mphamvu yotsutsa tcheyamani, makamaka tcheyamani wovala chipewa cha ukaputeni chimene anachita kukagula yekha ku Hobart.

Maud Ellery ndi boti lokoka anzake, lalifupi, lonenepa pamimba, ndipo kukongola kwake konse kuli pa fungo. Analikhoma ndi paini wa Huon a Athol asanabadwe, koma mpaka lero ukapala thabwa lake limanunkhira ngati mtengowo augwetsa dzulo. Poyamba linkayendera nthunzi, likukoka mitengo kuchokera kumtunda kwa mtsinje. Kenako analiika injini ya dizilo n'kumakoka zombo za maapozi kupita nazo ku sitima zazikulu. Malole atalanda ntchitoyo kampani ya botilo inagwa, botilo anakalisiya m'bango kuseri kwa doko, ndipo linakhala m'matope mpaka mbalame zinayamba kuliyesa chilumba.

Ndiye tinalizula ife, a Bungwe Lopulumutsa Maud Ellery. Tilipo ochepa, ndipo ambiri mwa ife mawondo anatha. Loweruka timawotcha masoseji pakhomo pa sitolo ya zitsulo kuti tipeze zolipira Tamsin Oakford, mmisiri wathu wa maboti, amene ali ndi msinkhu wa mwana wanga koma amatikalipira tonse mofanana. Utcheyamani sitinachite kuvotera. Tsiku la msonkhano woyamba tinapeza a Athol atakhala kale pa mpando wakutsogolo, ndipo popeza iwo ndiwo anali kaputeni womaliza wa botilo, aliyense anangofuna pokhala pena.

Alendo akamaliza kuzungulira boti, a Athol ankawalowetsa mu shedi kukawaonetsa chingwe. Chinali chingwe chakale chokhuthala, chopachikidwa pa chikhomo chakechake, ndipo ankachisisita ngati mphaka akamafotokoza zombo zimene chinakoka. Kuno banja lililonse limakulunga nsonga za zingwe zake ndi ulusi wa mtundu wakewake, kuti chikatayika chidziwike kwawo. Zingwe za kampani zinali za ulusi wakuda. Ichi chinali cha ulusi wobiriwira, ndipo nsonga zakezo nthawi zonse zinkayang'ana kukhoma. Ndinkaona, koma munthu wopala penti safunsa zambiri.

Pofika Januwale, pakati pa chilimwe kuno, tinatsala ndi thabwa limodzi.

"Kumanzereku, kunsi kwa mzere wa madzi," Tamsin anatero akuloza mpata wautali m'nthiti mwa botilo. "Kuchokera apa mpaka apo, lopanda mfundo."

"Sitingalumikize awiri?" ndinafunsa.

"Inu a Neville, titakulumikizani mwendo pakati pa ntchafu mungayende?"

Paini wa Huon masiku ano sadula. Umangopeza wogwa wokha kapena umene wina anasunga kalekale, ndipo wautali choncho tinaufunafuna mpaka kumadzulo kwa chilumba chathu chino osaupeza. Nthawinso inali itatithera. Boti lamatabwa likakhalitsa pamtunda limauma, matabwa amatalikirana, ndipo chilimwe chimenecho dzuwa linali laukali. Tamsin anatiuza mosabisa kuti tikapanda kulibwezera m'madzi mwezi wamawa usanathe, ntchito yathu yonse isanduka dengu.

Nzeru inachokera kwa a Clarrie Voss, msodzi wopuma amene ntchito yake m'bungwemo ndi kukhala pa bokosi n'kumatiuza zimene talakwitsa.

"Mtayachingwe ali nalo," anatero. "Bambo ake anasiya matabwa kudenga la shedi ya kwawo. Ndinawaonapo."

Mtayachingwe ndi a Dulcie Kile. Dzinalo ndinalipeza ndikubadwa. Nkhani yake inali yoti ali mtsikana bambo awo anawalola kupita okha panyanja ndi boti la nkhanu, iwo n'kubwerako atataya chingwe chatsopano, ndipo kuyambira pamenepo sanagwirenso chiwongolero. Anakwatiwa, analera ana, anaika mwamuna wawo m'manda, dzinalo osachoka.

"Chabwino, pitani mukawapemphe," a Athol anatero.

"Wopempha ndi tcheyamani," Tamsin anayankha. "Chipewacho n'chantchito yanji?"

A Athol anasiya kuyendetsa galimoto chifukwa cha maso, ndiye ndinawatenga ndine.

"Athol Purdie pakhomo panga," a Dulcie anatero atatsegula chitseko. "Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira, Dulcie."

"Ndiye vula chipewacho, muno mulibe nyanja."

M'khitchini munali makatoni okhaokha. Anatithirira tiyi, ndipo a Athol anatsokomola n'kuyamba kufotokoza za cholowa cha anthu onse a m'chigwa chino, ndi udindo umene tili nawo kwa ana amene sanabadwe.

"Neville, tenga sikono ina," a Dulcie anandiuza. "Izi zitenga nthawi."

Atatopa nazo anaimirira n'kutitsogolera ku shedi. Thabwalo linali kudenga, lokutidwa ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, lowongoka kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ndinalipala pang'ono ndi kiyi ya galimoto, fungo lija n'kudzaza shedi yonse.

"Bambo anasunga kuti adzandikhomere boti langalanga," anatero. "Kenako anati munthu wotaya chingwe angatayenso boti. Matabwa ena aja anagulitsa. Ili linawakanika kutsitsa."

"Bungwe likhoza kulipira," a Athol anatero, maso ali pansi.

"Ndi masoseji? Sindikugulitsa. Undibwezere chingwe changa, thabwa utenge."

"Chingwe chiti?"

"Iwe Athol, makutu ndiye anakuthera, koma mutu ukadali nawo. Pa doko, masana, monga amachitira anthu." Anatembenukira kwa ine, ngati kuti a Athol achoka kale. "Nyumba ino ndagulitsa. Mwana wanga akubwera kudzanditenga tikakhale ku Launceston. Sindikufuna kukwera galimoto imeneyo ndili Mtayachingwe."

Pobwerera a Athol anandiuza ndiime pamalo pamene msewu umayang'anizana ndi mathero a mtsinje. Anakhala kanthawi akuyang'ana miyala ya kutsidya, chipewa chili pamiyendo.

Anali atangopatsidwa kumene ukaputeni, anatero, ndipo malemu akazi awo a Glenys anali oyembekezera. Tsiku limenelo mnzawo wa pa injini anatsalira ku sitima yaikulu atadzicheka dzanja, iwo n'kunena kuti abwerera okha, si nkhani. Pofika pamenepo injini inazima, chifukwa anali atazengereza kukhetsa madzi a mu thanki ya mafuta. Mphepo inkawakankhira ku miyala ija. Dulcie, akadali mtsikana, ndi amene anatulukira, yekhayekha m'kaboti ka nkhanu, n'kuponya chingwe. Anawakoka masana onse, kaboti kakulira ngati kafa, mpaka pokhota pomaliza tauni isanaonekere.

"Bwana wa kampani akanaona, ntchito ikanathera pomwepo," anatero. "Boti lokoka kukokedwa ndi ka nkhanu, kodi? Madzi ankakwera, ndinadziwa kuti andifikitsa okha pa doko. Koma mfundo ya kwanga inali italimba, yosamasuka. Ndiye ndinakuwa kuti, taya kwakoko, ndikubwezera mawa. Anataya."

"Mawa lake?"

"Mawa lake bambo ake anali atadzaza kale tauni yonse ndi phokoso. Iye anangowauza kuti chagwera m'madzi. Ndikanachitulutsa, aliyense akanafunsa kuti ndachitenga kuti. Ndinati ndidikire zizizire." Anazunguza chipewa chija. "Zinazizira."

Pa basi ndinaphunzira kuti mwana akayamba kuulula yekha, usamuthandize.

M'mawa mwake a Athol anandipatsa thumba la chakudya cha nkhuku, lomanga kukamwa, lolemera, n'kundipempha ndikalisiye ku khomo lakuseri kwa a Dulcie ndikatula ana. Ndinapita nalo. A Dulcie analigunda ndi phazi osalitsegula.

"Ndinati pa doko. Ukamuuze kuti ine si nkhuku."

Chingwe chinabwerera pa chikhomo chake, nsonga zikuyang'ana kukhoma.

Masiku otsatira kunatentha moti phula linkafewa pamsewu. Tinafunditsa botilo masaka onyowa, tinalithira madzi m'mawa ndi madzulo, koma ukalowa m'kati mwake unkaona timizere ta kuwala pakati pa matabwa, tsiku lililonse tokulirapo. A Athol ankabwera tonse tisanafike. Ndinkawapeza atagwira paipi ndi manja awo opindika ndi nyamakazi aja, akuthira thabwa lililonse palokha, akuyankhula nalo botilo chapansipansi. Alendo akabwera ankawatumiza kwa a Clarrie. Ena ankati akudwala.

"Ndi mawu ochepa chabe, a Athol," ndinawauza tsiku lina.

"Ndawanena mawu aja oti silinakokedwepo kwa zaka zonsezi, Neville. Kwa ana anga. Kwa adzukulu. Pa maliro a Glenys m'busa anawabwereza. Ukawachotsa, chotsala n'chiyani? Nkhalamba ya paipi."

"Boti litsala," ndinatero, kenako ndinachita manyazi, chifukwa zinamveka ngati zimene iwo akananena.

Lachisanu lina masana a Dulcie anatulukira ndi ndodo yawo. Sanapatse moni tcheyamani. Anazungulira botilo pang'onopang'ono, kenako anauza Tamsin kuti awagwirire makwerero. Tinayesa kuwaletsa, koma kunali ngati kuletsa mvula. Ndinakwera pambuyo pawo kuti akagwa agwere ine.

M'kati munali mdima wodulidwadulidwa ndi kuwala kuja, mizere yowala ikudutsa pankhope pawo ndi pa diresi. Anaika chikhatho pa nthiti imodzi n'kukhala choncho.

"Linali lolemera ngati tchalitchi," ananena motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Koma linkabwera bwinobwino. Silinalimbane nane ngakhale pang'ono."

Atatsika anaitana Tamsin. "Mawa ubwere ndi lole ndi amuna amene misana yawo ikugwirabe ntchito, ngati alipo. Thabwa lija katenge."

A Athol anazimitsa paipi. "Nanga zija, Dulcie?"

"Boti silinandilakwire. Zinazo sunga, unazizolowera."

Anapita. A Clarrie anafunsa kuti zija n'chiyani. A Athol anaima pomwepo, madzi akudontha pa nsapato zawo, ndi nkhope ya munthu amene wapatsidwa zonse zimene amafuna.

Thabwa lomaliza kuno timalitcha thabwa la wiski, ndipo silikhomedwa mwakachetechete. Tamsin anatha mlungu akulisema ndi kuliyeza, ndipo Loweruka lake tauni yonse inabwera pa doko: meya ndi tcheni chake cha m'khosi, mtsikana wa nyuzipepala, asodzi, ana a pa basi yanga amene kwa nthawi yoyamba anandiona ndili ndi miyendo. A Dulcie anakhala pa mpando wa pulasitiki chakumbuyo, pafupi ndi mwana wawo amene anali atabwera kale kudzawathandiza makatoni.

Thabwalo linakhala m'bokosi la nthunzi m'mawa wonse kuti lifewe. Likatuluka pamafunika liwiro, chifukwa likazizira silipindikanso, ndiye kwa kanthawi kochepa anthu a mawondo otha tinathamanga nalo likutiwotcha m'magolovesi, Tamsin akutukwana aliyense ndi dzina lake. Tinalikanikiza, linalira, kenako linagona pa nthiti zija ngati linamera pomwepo. Misomali yamkuwa inalowa umodziumodzi mpaka kutsala umodzi. Umenewo, mwa mwambo, amakhoma kaputeni, botolo la wiski lisanatsegulidwe.

A Athol analandira hamala, anakonza chipewa, n'kutembenukira kwa anthu.

"Boti ili," anayamba, "lakoka mitengo, lakoka maapozi a chigwa chonsechi..."

Ana a pa basi yanga ankayendetsa milomo limodzi nawo. A Clarrie anatseka maso kuti agoneko pang'ono. Koma mawu aja sanafike kumene amafika nthawi zonse. A Athol anaima, anaika hamala pansi, n'kulowa mu shedi. Meya anayang'ana wotchi.

Anatuluka akukoka chingwe chija, n'kuchiyala chonse pa matabwa a doko, nsonga zobiriwira zili poyera. Asodzi akale ndiwo anayamba kuzindikira. Ndinaona mmodzi akugunda mnzake ndi chigongono.

Chingwe chobwereka kuno sabweza chili mulu. Wobwerekayo amachikulunga yekha, mwini wake akuona, ndipo wina sathandiza. A Athol anawerama n'kuyamba. Zala zawo sizipindikanso bwino, chingwecho chinali chitauma ndi ukalamba, ndipo chinkawapulumuka n'kugwa, iwo n'kutola. Chipewa chinagwa, sanachitole. Tamsin anasuntha phazi kuti apite, ine n'kumugwira mkono. Pa doko ponse pankangomveka madzi akumenya mizati ndi kupuma kwa nkhalambayo.

Atamaliza anachinyamula pachifuwa, anadutsa pakati pa anthu, n'kukaima patsogolo pa mpando wa pulasitiki uja.

"Boti ili linakokedwa kamodzi," anatero. "Injini inazima chifukwa cha ulesi wanga, ndinkapita ku miyala. Dulcie Kile anandikoka yekha ndi kaboti ka bambo ake kuchokera kumathero a mtsinje mpaka pokhota paja. Chingwe sanataye. Ndinamuuza ndine kuti andisiyire, ndipo anakhala chete kuti ine ndisachotsedwe ntchito. Ndinati ndibweza mawa."

"Kweza mawu," a Dulcie anatero. "Clarrie samva."

"Ndamva!" a Clarrie anakuwa ali pa bokosi lawo. "Ndamva kale, iwe!"

"Dulcie, chingwe chako ichi. Zikomo pondikoka."

A Dulcie anachilandira pamiyendo. Anafunafuna nsonga imodzi, anaiyandikiza kumaso, n'kupapasa ulusi uja ndi chala chachikulu kwa nthawi yaitali. Ulusi wobiriwirawo anakulunga ndi bambo awo. Mwana wawo anawaika dzanja paphewa.

"Pobwereka chinali chatsopano," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa."

"Ndipo wakulungira kumanzere. Zaka zonsezi sunaphunzirebe?"

Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso, ndipo a Athol nawo anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu koma msana sunadziwebe. Anabwerera kukatola hamala ija n'kuibweretsa, chogwirira chili kutsogolo.

"Msomaliwu ndi wa amene analifikitsa kwawo," anatero.

A Dulcie anapereka chingwe kwa mwana wawo, anakana dzanja la meya, n'kupita ndi ndodo yawo mpaka pansi pa botilo. Tamsin anawagwirira msomali, molimba mtima ndithu. Anamenya koyamba n'kuphonya, anatukwana mawu amene mtsikana wa nyuzipepala sanalembe, kenako anamenya mpaka mutu wa msomali unalowa m'thabwa la bambo awo.

Tamsin anatsegula botolo, anathira pang'ono pa thabwalo monga timachitira, n'kuyamba kudzaza makapu a tiyi a bungwe. A Clarrie anatsika pa bokosi lawo, chinthu chosachitikachitika, n'kutenga kapu yoyamba kuti akapereke kwa a Dulcie. Atafika pafupi anatsegula pakamwa kuti awaitane ndi dzina lija monga akhala akuwaitanira moyo wawo wonse, ndipo pakamwapo panangokhala potsegula. Anayang'ana chingwe, anayang'ana a Athol, anayang'ana kapu.

"Dulcie," anatero, ngati munthu amene akuyesa nsapato yatsopano. "Landira."